Kuperekeza Anagama ku Nairobi

Ku Ntcheu amandidziwa. Mukatsika pa boma n'kufunsa kuti Bonifasiyo wojambula amakhala kuti, ngakhale mbuzi ikulozerani. Mitu ya anthu ili pa makoma a ometa tsitsi, nkhuku ndi chambo za pa malesitilanti, angelo a m'matchalitchi a kwathu kuno, zonsezo ndi dzanja ili. Sukulu sindinapite nayo patali, koma zilembo ndajambula zambiri kuposa ahedi onse a m'boma lino, ndipo zanga sizifufutika ndi dasitala.

Luso ndinalitenga ndili mnyamata kwa Bulazala wina wa ku Italy amene ndinkamusakanizira penti pa mishoni. Iyeyo anandiuza mfundo imodzi, ine n'kuisunga mpaka imvi. Akuti kujambula kwenikweni kunachitika kwawo, m'nyengo imene azungu amati ya Kubadwanso. Isanafike nyengo imeneyo anthu ankangofufuza mumdima, ndipo itadutsa anthu anapenga. Anandiphunzitsa kuti chakutali chizichepa, chapafupi chizikula, msewu uzikathera pa kadontho kamodzi. Mayi waulemu naye ajambulidwe atatseka pakamwa, maso ali pansi, manja ali pa miyendo.

Tsono akazi anga Anagama anatisiya. Mayi amenewa kamera ankaithawa ngati ili ndi mpeni. Mukailoza kwa iwo ankabisa nkhope m'chitenje uku akuseka. Tizithunzi timene tinawagwira mwangozi tinawola chaka chimene mphepo inasasula denga. Ndiye tsiku lina mwana wathu Tereza, amene amagwira ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Nairobi, anandiimbira foni.

"Bambo, mdzukulu wanu Tadala akundifunsa kuti agogo ake ankaoneka bwanji, ndilibe chomuonetsa. Ineyonso ndikatseka maso, nkhope ya amayi yayamba kundithawa. Ndijambulireni. Amalawi anzathu kuno atichitira Misa yowakumbukira, ndikufuna tidzawaike patsogolo."

Ndinati, "Wamaliza? Ukulankhula ndi Bonifasiyo. Amayi ako ndibwera nawo."

Ananditumizira penti wa m'timachubu, wodula, wa akatswiri, amene sindinamugwirepo chibadwire. Ine wanga ndi wa m'zitini, ukapaka m'mawa madzulo wauma. Ndinapeza thabwa lalikulu ngati zenera, n'kulimbana nalo mwezi wathunthu. Anagama ndinawajambula monga Bulazala anandiphunzitsira: mpango wabuluu, maso pansi, kumbuyo kwawo mapiri akuchepa bwinobwino mpaka kutali. Nditakhudza ndi chala ndinamva ngati pauma. Ndinathira vanishi wa akalipentala pamwamba kuti aziwala, m'mawa mwake ulendo.

Tereza anafuna kundigulira tikiti ya ndege. Nditafunsa kuti thabwa likakhala pati, anati pansi, pamodzi ndi masutikesi. Ha! Mayi amene anadyetsa mudzi wonse akagone pansi ndi masutikesi a anthu osawadziwa? Ndinati ayi, tikwera basi, ndipo akhala pa mpando ngati munthu. Komanso mayi wamkulu sayenda ulendo wopanda chofunda. Ndinatulutsa chitenje chawo cha ku kwaya, cha maluwa achikasu, ndinawafunditsa bwinobwino n'kumanga ndi chingwe.

Pa depoti ya ku Lilongwe kondakitala anandiimitsa pakhomo.

"Madala, thabwalo lipite mu buti."

"Thabwa ndi agogo ako! Awa ndi akazi anga. Dula matikiti awiri."

Basi yonse inafa ndi phwete, koma matikiti anadula. Anagama ndinawakhazika ku zenera, chifukwa moyo wawo wonse ankakonda kuona zakunja. Tsidya lina la kanjira ka pakati kunakhala Asisiteri, mayi wojintcha wa magalasi, dzina lawo Yasinta. Nawonso ankapita ku Nairobi, ku Karen, kukaphunzitsa masisiteri achitsikana, ndipo anasenza matumba a ufa ndi usipa amene ndege sikanawalola. Tisanafike pa Mponela anali atandifunsa kale kuti andionere chithunzicho.

"Mudzawaona ku Nairobi, Asisiteri. Mayi savundukulidwa pa msewu."

Kuti asakhumudwe ndinayamba kuwaphunzitsa za nyengo ya Kubadwanso, mokweza, kuti a kumbuyo nawonso apindule. Asisiteri anandimvetsera mpaka pa Kasungu, kenako anati, "Zimenezo ndinaziona ndi maso, bambo. Ndakhalako ku Roma zaka zingapo."

Ndinakhosomola pang'ono. "Ndiye mukundichitira umboni."

Anatulutsa foni yodzaza ndi zithunzi zimene anajambula m'matchalitchi ndi m'nyumba zosungiramo zakale za kumeneko. Anayamba ndi anthu a miyala a Agiriki, amuna amisinkhu yawo ali mbulanda, ena odukanso manja. Ndinati, "Asisiteri, foni iyi a Bishopu anaiona?" Anaseka mpaka magalasi kugwa. Kenako anandionetsa oyera mtima a nyengo yotsatira, maso aakulu ngati a kadzidzi, nkhope zafulati, kumbuyo golide yekhayekha.

"Mwaona? Amenewa ndi aja ankafufuza mumdima. Taonani khandalo, likuoneka ngati kankhalamba kodikira penshoni."

"Sankalephera, bambo. Sankafuna kujambula dziko lino. Golideyo ndi kumwamba, ndipo kumwamba kulibe mthunzi."

"Kulibe mthunzi? Nanga ife a dazi tikapulumukira kuti?"

Atafika pa za Kubadwanso ndinalanda foni n'kuimirira. Ndinaonetsa basi yonse mmene matayilosi a pansi akucheperachepera mpaka pa kadontho, mmene mnofu wa dzanja ukuonekera ngati ungaugwire. Mayi wina wa geni wa ku Karonga, Nyauhango, amene ankapita ku Nairobi kukapikula nsapato, anati, "Madala, khalani pansi, mugwera pa akazi anu."

Titadutsa Mzuzu n'kutsetsereka pa Chiweta, kunja kunayamba kutentha ngati mu uvuni. Dzuwa la masana linkalowa pa zenera la Anagama, thabwa mpaka kufunda. Ine ndinkangoti akuwothera, paja kuzizira ankadana nako. Tinagona pa Karonga.

M'mawa tinawoloka mlatho wa Songwe wapansi, anyamata osintha ndalama akutizungulira ngati ntchentche pa usipa wa Asisiteri. Tsidya la Tanzania, pa Kasumulu, bwana woona katundu analoza thabwa mwaulemu ndithu, n'kunena m'Chiswahili kuti mzee, tsegulani tione. Ndinamasula chingwe monyadira, ndikuti lero alendo aona dzanja la ku Ntcheu. Ndinakoka chitenje. Sichinachoke. Ndinakokanso. Chinamveka ngati ukusenda chikopa cha mbuzi.

Abale anga, penti wa m'machubu amauma pamwamba pokha, m'kati amakhala wamoyo. Vanishi uja anamutsekera, dzuwa la pa Chiweta linamuphika, chitenje n'kumata. Nkhope yonse ya Anagama inapita ndi nsalu. Pa thabwa panatsala mapiri aja, mpango wabuluu, ndi phala lofiirira pamene panali nkhope. Chitenje chinang'ambikira pa chifuwa, chidutswa chachikulu n'kukanirira pomwepo ndi maluwa ake achikasu.

Bwana uja anangoti, "Pole sana, mzee," ndiye kuti pepani kwambiri madala, n'kuvula chipewa ngati ali pa maliro. Ndinakhala pansi pa fumbi.

"Ndikubwerera," ndinawauza Asisiteri.

"Kukatani? Mwanayo akudikira bambo ake."

"Akudikira amayi ake. Misa ndi Lamulungu likubwerali. Nkhope imeneyi inanditengera mwezi."

Asisiteri anatola chitenje chija n'kuchitambasula. Nkhope inkaonekabe pang'ono pa nsalupo, milomo yotseka, zikope zogwa. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Kodi Anagama ankakhala chonchi, pakamwa potseka?"

"Anagama? Ngakhale ali m'tulo ankayankha mafunso."

"Nanga awa ndani?"

"Ndi mmene amajambulira mayi waulemu!"

Anandidzutsa, ananyamula mbali ina ya thabwa, n'kundilowetsa m'basi ya ku Mbeya ngati mwana wothawa jekeseni. Pa Tukuyu anandigulira nthochi zazikulu ngati mkono. Ndinadya, koma sindinamve kukoma.

Kuchokera ku Mbeya tinakwera basi yaikulu yodzera ku Iringa ndi ku Dodoma mpaka ku Arusha. Kondakitala wake, Juma, ankadziwa Chichewa chophunzira kwa amayi a geni, ndiye kuti chotukwana ndi chowerengera katundu basi. Naye ndinamudulitsa matikiti awiri. Nkhope kaya palibe, mpando ndi wawo.

Mpaka pa Makambako ndinali chete, ndipo Nyauhango anafunsa ngati m'basi mwathu mwatsika munthu. Asisiteri anadziwa mankhwala anga. Anatulutsa foni ija n'kumalankhula ndi Nyauhango, osati ndi ine, koma foni ataipendeketsera kwanga.

"Onani izi, mayi. Itatha nyengo ya a Bonifasiyo ija kunabwera ina, amati ya Baroko. Mdima wandiweyani, kenako kuwala kukugwera pa nkhope imodzi."

Ndinapirira, ndinapirira, zinakanika. "Amenewo ankajambula magetsi atazima, ngati kwathu."

"Mwadzuka, bambo?"

"Sindinagone. Bweretsani kuno."

Ndinayang'anitsitsa. Anthu a m'zithunzi zimenezo sanakhale phee ngati aja a m'zithunzi za Bulazala. Wina wakuwa, wina wagwa pa hatchi, wina mapazi akuda bii ngati wachokera kudimba, komatu akuti ndi woyera mtima. Ndinafuna kunyoza, koma mapazi amenewo ndinawadziwa. Ndi mapazi a kwathu. Kenako kunabwera za anthu olemera, madona akusewera pa katungwe, mitambo yapinki. Ndinati awa ndi makeke a pa ukwati, ndipo apa pokha Asisiteri anandivomereza.

Pa Iringa tinadya tchipisi chokazingira m'mazira. Pa mapiri a kutsogolo kwake msewu unakhota mpaka usipa wa Asisiteri kutayikira pa miyendo ya m'busa wina, amene ananunkha nyanja mpaka ku Dodoma. Asisiteri osaleka.

"Kenako kunabwera kamera, bambo. Ojambula anadzifunsa kuti ngati kabokosi kakutha kutenga nkhope ndendende, ife ntchito yathu ndi chiyani? Ena a ku France anatuluka m'nyumba, ananyamula penti kupita panja, n'kumajambula mothamanga dzuwa lisanasunthe."

Anandionetsa. Madontho okhaokha, ngati nkhuku yaponda mu penti.

"Ichi ndi chifunga cha ku Dedza. Misala ija yayambika."

Anatambasula dzanja, foni n'kupita kutali ndi maso anga. Mwadzidzidzi madontho aja anasanduka mayi ali ndi ambulera, mphepo ikukupiza diresi lake. Anabweretsa pafupi, mayi uja anasowa. Anapititsa kutali, anabwera.

"Ufiti," ndinatero.

"Anzawonso anawaseka choncho. Lero anthu amaima pa mzere kuti akaone."

Chimene chinanditsitsimutsa kwenikweni ndi cha pambuyo pake. Munthu mphuno ili ku khutu, maso onse mbali imodzi, thupi lodukaduka ngati galasi losweka.

"Uyu anagundidwa ndi lole."

"Amene anayambitsa zimenezi anaona zigoba za kumaso zosemedwa kuno ku Africa, mitu yawo n'kutembenuka."

"Mukuti chiyani? Azungu anaonera kwa ife?" Ndinaimiriranso. "Nyauhango, mwamva? Anationera mayeso, n'kuonera molakwika!"

Ndinaseka koyamba chichokere pa Songwe. Koma kuseka kutatha, thabwa linali pomwepo pambali panga, lopanda nkhope, ndipo Lamulungu linkayandikira.

Tinagona pa Dodoma. M'mawa, titapitirira Kondoa, Asisiteri akundiuza kuti m'mapiri amenewo muli zojambula za makolo pa miyala ngati za ku Chongoni, basi inalira ngati nkhumba yobayidwa n'kuima pa kamsika kena. Dalaivala analowa pansi, anatuluka ali ndi chitsulo m'manja, n'kunena kuti china chichokera ku Babati pa njinga yamoto. Liti? Juma anatambasula manja n'kuloza kumwamba.

Tinatsika. Ena anagona pansi pa mlambe, m'busa uja anayamba kutsuka thalauza. Ine ndinatsamiritsa Anagama pa khoma la golosale n'kukhala pambali pawo. Patsogolo pathu, pansi pa lona yabuluu, mayi wina ankakazinga zitumbuwa za kumeneko, za mpunga. Paja Anagama moyo wawo wonse ankagulitsa zitumbuwa pa boma, ndipo ana athu anaphunzira ndi mafuta a m'chiwaya. Ndinkangoyang'ana mopanda cholinga.

Ndiye Juma anadutsa n'kutsomphola chitumbuwa chimodzi chamoto. Mayi uja anadzutsa chipande m'mwamba, akumulalatira, koma pakati pa kulalatako kuseka kunamugwira. Mutu unapita chagada, pakamwa yasa, chipande chikadali m'mwamba, utsi ukudutsa pa nkhope.

Tsitsi limene ndilibe linaima. Si kuti ankafanana ndi Anagama, ayi. Uyu anali wamtali, woonda. Koma kaimidwe kameneko! Chipande m'mwamba, kulalata ndi kuseka nthawi imodzi! Ndinawaona Anagama bwinobwino, ndi mpata uja wa pakati pa mano awo akutsogolo, umene Ntcheu yonse inkawadziwira. Mwezi wathunthu ndinakhala ndikupaka milomo yotseka, mpata umenewo uli kuseri.

"Juma! Penti! Ndipezere penti!"

"Mzee, hapa?"

"Pompano! Kulibe mudzi wopanda wojambula!"

Anandiperekeza kuseri kwa msika kwa fundi wina, ndiye kuti mmisiri, wopenta njinga ndi zikwangwani. Chinenero sitinamvane, koma nditamuonetsa zikhadabo zanga iye n'kundionetsa zake, tinadziwana kuti ndife a mtundu umodzi. Anandipatsa zitini zotsalira: wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera, ndi wakuda pang'ono pansi pa chitini. Penti wanga weniweni, wonunkha bwino, wouma tsiku lomwelo. Bulashi inali imodzi, youma ngati tsache.

Ndinapala phala lija ndi mpeni, ndinapukuta ndi parafini. Chidutswa cha chitenje chinakana kuchoka, ndinachisiya. Nditangoviika bulashi, dalaivala anakuwa kuti njinga yamoto ija yanyamuka ku Babati, ndipo injini ikangolira sadikira munthu.

Ndiye panalibe zoyeza ndi lula, panalibe kadontho ka Bulazala. Ndinkaponya penti ngati ndikumwaza feteleza. Bulashi ikachedwa ndinkapaka ndi chala, chala chikachepa ndi chikhatho. Basi yonse inandizungulira, ndi a pamsika omwe, aliyense ndi nzeru zake.

"Madala, mwapaka buluu pa tsaya!" anatero Nyauhango. "Akazi anu anali ndi matenda?"

"Pitani mukayang'ane tsaya la mayi uyo pansi pa lonayo, mubwere mundiuze."

Anapita, anayang'ana, anabwera. "Iii, ndi labuluudi."

"Ndiye khalani chete, muzigulitsa nsapato."

M'busa anati mphuno yapendekeka. Ndinati munthu akamaseka chagada mphuno siikhala pa malo ake, akafunse akazi ake. Mayi wa zitumbuwa atamva kuti ndikuyang'ana iye, anayamba manyazi n'kutseka pakamwa. Ndinamutuma Juma kuti akabenso chitumbuwa china. Anapita mokondwa, chipande chinadzukanso, ine n'kugwira dzanja lija m'mizere itatu. Pomaliza ndinatenga kamtengo, ndinaviika mu wakuda uja, n'kuika kamzere kamodzi pakati pa mano.

Injini inalira.

Ndinaimirira. Pafupi sindinkaona kanthu koma matope amitundumitundu. Asisiteri anali ataima patali, pafupi ndi mlambe, magalasi ali m'manja.

"A Bonifasiyo," anatero, "mwapenga tsopano."

"Ndani?"

"Si inu munati itadutsa nyengo ya Kubadwanso onse anapenga? Mwajambula panja, mothamanga, tsaya labuluu. Ndi nsaluyo mwaisiya pomwepo. Azungu aja anafikanso pomamata nsalu ndi mapepala pa zithunzi."

"Iwowo anapenga. Ine ndathamangitsidwa ndi basi. N'zosiyana."

Mmisiri uja anakana kulandira kanthu, ndiye ndinamusiyira machubu otsala a Tereza, n'kumuchenjeza ndi manja kuti asadzawafunditse. Mayi wa zitumbuwa anatikulungira zodzaza nyuzipepala.

Ulendo uno sindinawafunditse Anagama. Ndinawakhazika pa mpando wa ku kanjira, ine ku zenera kuwatchinjiriza dzuwa. Aliyense wokwera ankayamba wadzidzimuka, kenako n'kuwapatsa moni. Tinagona ku Arusha, m'mawa tinakwera ina ya ku Nairobi. Phiri la kumeneko, lalitali kuposa onse mu Africa, akuti linali kumanja, koma linadzifunditsa mitambo, ndipo ine ndinalimvetsa. Pa Namanga bwana wa tsidya la Kenya anayang'ana thabwa, anabwerera m'mbuyo, n'kufunsa kuti mama akuseka ndani. Asisiteri atanditanthauzira ndinati, "Muuzeni kuti akuseka ine. Ndi ntchito imene anaigwira zaka zonse za ukwati wathu."

Titadutsa Kajiado ndinayamba kuganiza za Tereza. Sindikuti ndinaopa, Bonifasiyo saopa. Koma anthu a m'basi sanawadziwe Anagama, kwa iwo mayi aliyense woseka ndi yemweyo. Tereza yekha ndiye woweruza. Anandituma amayi ake, ananditumizira penti wodula, ine ndikumubweretsera matope a penti wa njinga ndi chigamba cha chitenje. Akati, "Bambo, awa ndani?" ndikalowa pati?

Za Nairobi sindinena zambiri. Magalimoto ndi ochuluka kuposa msewu. Chimene ndinayamikira ndi ma matatu, maminibasi a kumeneko, opentedwa mpaka pa denga, nkhope ndi malawi a moto ndi zilembo zopindikapindika. Ndinati anzanga a kuno sagona. Asisiteri anatengedwa ndi galimoto ya ku Karen, ananditsina pa mkono n'kuti, "Lamulungu." Nyauhango anasowa m'chigulu ndi zikwama zake. Tereza anandipeza nditakumbatira thabwa, nkhope ya Anagama ili pa chifuwa panga.

"Bambo, mwayenda bwanji? Malaya awa achita chiyani? Tioneni amayi!"

"Pa msewu ayi. Kunyumba."

Amakhala ku Madaraka, pafupi ndi bwalo lalikulu la mpira, m'nyumba zosanjikizana. Tinakwera masitepe, ine kukana kuti wina andinyamulire. Chitseko anatsegula ndi Tadala, mdzukulu wanga, kamtsikana ka mano ogweluka kolankhula zinenero zitatu m'chiganizo chimodzi. Ndinalowa, ndinatsamiritsa thabwa pa khoma la pabalaza, n'kulitembenuza. Tereza anali akadali pakhomo, akulimbana ndi chikwama changa.

Tadala anathamangira pafupi, mphuno pafupifupi kugunda penti.

"Agogo, si munthu uyu. Ni matope tu!"

Kumbuyo kwanga ndinamva chikwama chikugwa. Nditacheuka, Tereza anali ataima pa chitseko, manja onse pakamwa. Ndinayamba kufotokoza, za Chiweta, za vanishi, kuti choyamba chija chinali chaulemu, kuti akandipatsa mwezi ndikonza.

"Bambo, khalani chete."

Chibadwire mwana ameneyu sanandiuzepo choncho. Ndinakhala chete.

"Ndi tsiku lija ndinaba chitumbuwa ndikupita ku sukulu," anatero. Mawu anatuluka theka kuseka theka kulira. "Ndi chitenje chawo cha ku kwaya ichi! Amayi! Bambo, akundikalipira kapena akuseka?"

"Zonse ziwiri, ngati masiku onse."

Anakhala pansi pakhomo pomwepo, analira, anaseka, analiranso. Kenako anaitana mwana. "Tadala, bwera kuno. Ima apa pali ine. Tsopano yang'ana."

Kamtsikana kanabwerera chafutambuyo mpaka pa miyendo ya amayi ake. Kanayang'ana. Maso anakula.

"Mami, ali ndi mpata ngati wanga!"

Lamulungu Anagama anakhala patsogolo pa Misa, Amalawi a ku Nairobi atadzaza, a ku Hurlingham, a ku Karen, ena ovala masuti amene sindinawaonepo. Okhala kutsogolo ankapendeketsa mitu modabwa, okhala kumbuyo ankamwetulira okha. Titatuluka, bambo wina wa ku bungwe la Tereza anandigwira chanza n'kufunsa mwachidwi kuti kajambulidwe kameneka ndi ka nyengo iti. Asisiteri Yasinta anali pambali, akudya chitumbuwa.

"Afunseni eni ake," anatero. "Ponyamuka ku Lilongwe anali ndi nyengo imodzi yokha."

Ndinakonza kukhosi kuti a panja amve. "Bwana, azungu zinawatengera zaka mazanamazana kuchoka pa maso ogwa pansi kufika pa madontho. Ine ndinanyamuka ku Ntcheu ndili kumbuyo kwawo, pofika pa Namanga n'kuti ndawapitirira. Kuyenda pa basi kumeneko."

Ndinakhala kwa Tereza mpaka miyendo itaphwa. M'mawa uliwonse Tadala asanapite ku sukulu ankaima pa chitseko, chifukwa anadziwa kuti pafupi agogo ake amathawa, n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, agogo?" Ine ndinkayankhira kuchokera ku chipinda, iye n'kuti, "Si inu!"

Pobwerera Tereza anandigulira tikiti ya ndege, ndipo sindinakane. Inali tikiti imodzi. Anagama ndinawasiya pa khoma la ku Madaraka, chipande chili m'mwamba, pakamwa ali yasa. Ndikuwadziwa ine mayi amenewo. Nyumba imeneyo sidzakhalanso chete.